A Mbewe, Tambala ndi Mavalavu Awiri

Pamaliro a malume Mbewe anthu anaseka mpaka abusa anachita kutsokomola kuti tikumbuke chimene tabwerera. Tinasonkhana m'chipinda chapansi cha tchalitchi chathu ku Greenbelt, kuno ku Maryland, thupi lisananyamuke ulendo wa kumudzi, ndipo aliyense woimirira kuti alankhule ankathera pa nkhani imodzimodzi, ya tambala. Wina akuti tambalayo anali m'thumba la ufa, wina akuti a Mbewe anadumpha galimoto ya apolisi. Mabodza okhaokha. Tambalayo ndinamunyamula ndine, chipsera chake chikadali padzanja langa lamanzere, choncho ndilekeni ndifotokoze mmene zinakhalira.

Anthu awiri okha sanaseke tsikulo. Mlongo wanga Limbani anakhala kumbali ya amuna, maso ali pansi. Mkazi wake Tiyamike anakhala cha kukhomo, chikwama chili pamiyendo ngati mlendo. Anali atachoka panyumba n'kukakhala kwa mnzake ku Fairfax, ndipo nkhoswe ya banja lawo, munthu yekhayo amene onse awiri ankamumvera, ndi amene anali gone m'bokosimo. Mlandu wawo a Mbewe anausiya pakati.

A Mbewe sanali m'bale wathu wamagazi. Tsiku loyamba kukumana nawo kutchalitchi anandifunsa kwathu, kenaka anafunsa mfunda wa mayi anga. Nditati ndi Nambewe anaomba m'manja, nati basi, amenewo ndi alongo awo, ndipo kuyambira tsikulo ine ndi Limbani tiziwaitana kuti malume. Sanatifunse ngati tikufuna. Kunja kuno ubale umayamba choncho, ndipo wathuwu unagwira kuposa wa anthu ena obadwa mimba imodzi.

Ntchito yawo inali yoti ukaifotokoza pafoni kumudzi anthu amaganiza kuti ukuwanamiza. Munthu wa ku Chikwawa kotentha kuja, woopa kuzizira moti masamba akangoyamba kuyoyoka ankavala zipewa ziwiri, ndiye anali katswiri wokonza masinomobilo, njinga zamoto zoyenda pachipale chofewa. Kumudzi ankakonza njinga zamoto ku Nchalo. Kuno anabwera ngati dalaivala wa banja lina la ku ofesi ya kazembe, ndipo banjalo litabwerera iwo anatsala. Anapeza kanyumba kunja kwa Greenbelt, kumene nyumba zimathera minda n'kuyamba, natsegula galaja kuseri. Nyengo yotentha ankakonza makina otchetchera kapinga. Kukayamba kuzizira, anthu amene amakasewera kumapiri a kumadzulo kwa Maryland ankafika atakoka masinomobilo awo pangolo, onse ndi dandaulo limodzi: injini ikulira bwinobwino koma mphamvu ilibe.

Matenda amenewa malume ankawadziwa asanagwire n'komwe sipanala. Pamene utsi umatulukira mu injini yotere pali kachitsulo kophwatalala, kotalika ngati chala, kamene amati valavu. Injini ikamayenda pang'onopang'ono kachitsuloko kamatsika n'kuchepetsa khomo la utsi. Ukafinya moto kamakwera, khomo n'kutseguka lonse, ndiye makinawo amalumpha. Koma oyilo wopsa amasiya mwaye wakuda womata ngati phula, ndipo tsiku lina kachitsulo kaja kamangokanirira pansi. Malume ankati injini yotero ili ngati munthu wachimfine atasenza katundu pachitunda. Ankanunkhiza ekizozi n'kudziwa oyilo amene mwini wake amathira, ndipo akapeza kuti ndi wachabechabe ankamudzudzula ngati mwana wawo, kaya akhale wa ndevu zoyera. Anthuwo ankaseka, n'kubweranso chaka chinacho.

Ankagwira ntchito mwa njira yawoyawo, ndipo ine wamtima wapachala zinkanditopetsa kungoonerera. Choyamba ankayala thaulo loyera pabenchi. Chilichonse chimene amasula ankachiika pathaulopo motsatana: mabawuti, chivundikiro, sipuling'i, kathumba ka labala kamene kamakankha valavu, kenaka valavuyo. Injini zake zimakhala ndi mavalavu awiri, choncho pathaulo pankakhala mizere iwiri, ndipo tsoka kwa iwe ukasuntha kanthu kuchoka mzere wina kupita mzere wina. Mavalavuwo ankawaviika m'mankhwala otsukira, kenaka n'kuwapala ndi bulashi ya mkuwa yokha basi. Ankati valavu sifuna mphamvu, ndipo amene aikanda kuti afulumire wangokumbira mwaye wa mawa malo ogona.

Apa ndi pamene panali mkangano wawo ndi a Tembo, mnansi wawo wa ku Lusaka woyendetsa thiraki. A Tembo ankati bulashi yachitsulo yomangirira pa makina oboolera ikhoza kumaliza ntchitoyo munthu asanamwe kapu ya tiyi. Anakangana nkhani imeneyi zaka zambirimbiri, pampanda, patchalitchi, ngakhale paukwati wa eni, koma a Tembo sanasiye kubwera kugalajako Loweruka lililonse kudzatukwanidwa. Mkangano wina unali wa m'nyumba. Akazi awo, a Nanyoni, ankati akagula thaulo labwino limasowa, akagula chitini chophikira keke chimasowa, ndipo akapita kugalaja amazipeza zili bii. Malume ankayankha kuti chitini cha keke ndi chimene chili ndi muyeso woyenera valavu, ngati kuti ochipangawo ankaganiza za iwo.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti galaja imeneyo inalinso bwalo la milandu. Malume anali nkhoswe ya mabanja angapo kuno, ndipo sankamva mlandu pabalaza. Banja likabwera litakangana ankalitengera kugalaja, n'kuzondotsa ndowa ziwiri za penti. Mwamuna ankamukhazika pa imodzi, mkazi pa inayo, aliyense n'kumupatsa valavu yakuda ndi bulashi. Ankangowauza kuti mwaye wonse uchoke, iwo akukathira tiyi, koma tiyi ameneyo ankatha masana onse. Ine ndinkawaseka kuti apeza njira yogwiritsa anthu ntchito yaulere. Sanakane. Anangoti munthu amene manja ake atanganidwa saloza mnzake chala, ndipo pakamwa pakatopa kukalipa pamayamba kulankhula. Mabanja ena amene anavina kwambiri pa Khirisimasi yapitayi anadutsa pandowa zimenezo, mayina sinditchula.

Limbani ndi Tiyamike anakhalapo pandowazo kangapo, ndipo ulendo womaliza unali sabata imodzi malume asanadwale. Nkhani yawo si yachilendo kuno. Limbani amasamalira okalamba usiku, Tiyamike ndi namwino wa masana, moti ankangopatsana moni pakhomo. Tiyamike anapeza malo a sukulu ku Fairfax ndipo ankafuna kuti asamukire kumeneko. Mlongo wangayo ndi wouma mutu, ndikunena ndine mchemwali wake, anati iye ku Greenbelt sachoka. Tsikulo anapala pang'ono, mawu anakula, Limbani anaponya bulashi pansi n'kutuluka. Malume sanamuthamangire. Anatola bulashiyo, nabweza mavalavu onse awiri m'chitini, n'kuuza Tiyamike kuti mwaye suthawa, udikira.

Tsono ndibwerere kwa tambala, chifukwa banja limeneli linayambira pomwepo.

Chinkhoswe chawo chinali chaka chija chipale chinakwirira magalimoto mpaka kumadenga. Malume ake a Tiyamike, a Kachingwe, anachita kubwera kuchokera ku Ntcheu. Anali mkulu wa mawu ochepa ndi nkhope yosasekerera, ndipo sanamukonde kwenikweni Limbani. Ankati mwamuna wosambitsa nkhalamba za eni angasunge bwanji mwana wawo. Analamula kuti mwambo uchitike monga kumudzi: akuchimuna apereke tambala, akuchikazi apereke msoti, ndipo nkhukuzo zikhale zamoyo. Akuchikazi anapeza msoti wawo, naubisa m'bafa la fulati ku Greenbelt. Tambala wathu malume anakamugula kufamu, namusunga m'katoni kugalaja kwawo. Ine ndinapita kwa a Mbewe Lachisanu kukathandiza a Nanyoni kukazinga mandasi, ndipo chipale chitayamba ndinagona komweko.

Loweruka m'mawa tinatsegula chitseko n'kupeza kuti msewu kulibe. Alendo ambiri ankakhala m'mafulati oyandikana ndi holo ya chinkhoswecho, choncho anangoyenda wapansi. Akwati analipo, a Kachingwe analipo, msoti unalipo. Kunalibe nkhoswe yakuchimuna ndi tambala, ndipo ulendo wa a Kachingwe wobwerera kumudzi unali utayandikira. Limbani anaimba foni. Anati anthu apempha kuti malume alankhule pavidiyo, ndipo wina wapezeka ndi nkhuku mufiriji. Kenaka anawapatsa foniyo a Kachingwe.

"Nkhoswe ya pafoni sindiidziwa, ndipo tambala wa mufiriji salira," anatero mkuluyo. "Dzuwa likalowa musanafike, ndikanena kumudzi kuti mwana wathu sanakwatiwe."

Malume anaika foni m'thumba n'kulowa kugalaja, ine pambuyo. Munali sinomobilo imodzi ya munthu wina wa kumapiri, yobwera ndi matenda omwe aja. Anamuimbira mwini wake, amene anaseka kwambiri n'kuwauza kuti aitenge. Anailiza, inalira. Ine ndinathamanga kukavala jekete pamwamba pa chitenje changa cha mwambo. Pobwera ndinawapeza ataizimitsa, akuyala thaulo loyera pabenchi.

Ndinakwiya zedi, ndipo ndinawauza mawu amene mwana sauza malume ake. Ndinati ukwati wa Limbani ukufa iwo akusewera ndi tizitsulo. Sananditembenukire n'komwe.

"Esinati, pakati pa kuno ndi Greenbelt pali chitunda chija. Mavalavu akapanda kutseguka tikatitimira pamenepo, iwe, ine ndi tambala. Khala pandowa apo."

Ndinakhala. Anamasula mabawuti mosapupuluma, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Valavu yoyamba inakana kutuluka, anachita kuigwedeza pang'onopang'ono ngati dzino la mwana, mpaka inasolomoka ili bii, phula likuchita kutanuka. Yachiwiri chimodzimodzi. Anawaviika onse awiri m'chitini cha keke, kenaka anandipatsa imodzi ndi bulashi. Foni inkangolira. A Nanyoni anaima pakhomo manja ali m'chiuno, akunena kuti anakwatiwa ndi munthu amene angatsuke mbale nyumba ikupsa. Ndiye anatulukira a Tembo, atasambira m'chipale kuchokera kwawo, makina oboolera ali m'manja.

"Ba Mbewe, lelo chabe, lekani nikuthandizeni. Manje manje tizasiliza."

Malume anawaloza khomo ndi sipanala, ndipo a Tembo anakatenga fosholo n'kuyamba kukumba njira yotulukira, akung'ung'udza. Ine ndinapala mpaka zala zinachita dzanzi. Nditawapatsa malume valavu yanga anaiyang'ana pakuwala kwa zenera, napeza kamwaye pakona, nandibwezera. Ndinafuna kuwaponyera kumaso. Iwo anali akupukuta kamphako kamene valavu imayendamo, mosamala kuti chinyatsi chisagwere pa pisitoni. Anatambasula timatumba ta labala tija pakuwala, ndipo kamodzi kanali kong'ambika. Koma iwo anangofukula m'chitini chakale cha mkaka n'kutulutsamo kena, nati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadontheza oyilo pavalavu iliyonse, naibwezera mbali yolembedwa itayang'ana kumwamba, chifukwa ukaitembenuza imagundana ndi pisitoni injini n'kuthera pomwepo. Anaikankha ndi chala, inatsetsereka yokha. Pomaliza anapotokola timasikuluwu ta pazivundikiro kuti tifanane, poti mavalavu awiriwo ayenera kutsegukira limodzi.

Anailizanso. Utsi wabuluu unadzaza galaja, ndipo tambala m'katoni muja analira ngati kwacha kumene. A Tembo anaponya fosholo m'mwamba.

A Nanyoni anawaveka malume suti ya mwambo, majuzi, jekete ndi bulangete pamwamba. Chisoti chachitsulo chinakana kulowa chifukwa cha zipewa ziwiri zija, ndipo anachita kukangana kuti avule chimodzi. Ine ndinakhala kumbuyo, tambala ndamukulunga m'chitenje n'kumulowetsa mujekete, mutu wokha uli kunja. Tili pakhomo la galaja ndi pamene ndinakumbuka kuwafunsa ngati anayamba ayendetsapo chinthu chimenechi pachipale.

"Ndakonza zambiri," anayankha.

Zaka zonsezo ankaziyesera pamatabwa m'galaja basi. Tinanyamuka mwa njutsunjutsu, tikupepeluka uku ndi uku, ine ndikupemphera mokweza. Dziko lonse linali mbee, kopanda galimoto ngakhale imodzi, anthu atangoima m'makhonde ndi mafosholo awo kuyang'ana mkulu wa bulangete, mayi wa chitenje ndi mutu wa tambala. Titafika patsinde pa chitunda chija makina anayamba kulemera, kutsogolo kukutitimira, ndipo ndinaona kuti zathera pano. Malume anafinya moto mpaka kumapeto. Kulira kwa injini kunasintha mwadzidzidzi, kunakwera n'kukhala kwakuthwa, ndipo chinthucho chinalumpha moti ndikanagwa chagada.

"Atseguka! Esinati, wamva? Atseguka onse awiri!"

Sindinawamvepo akukuwa choncho, kale kapena pambuyo pake. Tinakwera chitundacho ngati tikutsika, chipale chikuuluka mbali zonse, bulangete likundimenya kumaso, malume akuseka ngati mwana. Inenso ndinayamba kuseka, mantha onse anathawa, ndipo ndinaimba nthungululu pakati pa msewu wa Maryland. Tambala ndi amene sanakondwe. Anandijompha padzanja n'kukanirira pomwepo, ndipo sindikanamuchotsa chifukwa dzanja linalo linagwira lamba wa malume. Woyendetsa chigalimoto chokankha chipale tinamudutsa atangoti kukamwa yasa.

Kuimitsa ndi kumene sanakuphunzire. Anthu a muholo atamva phokoso anatuluka onse, ndipo ife tinawadutsa n'kukalowa mumulu wa chipale pafupi ndi khomo, mpaka m'chiuno. Amayi anaimba nthungululu, ana akudumphadumpha, Limbani akulira poyera osachita manyazi. Malume anadzizula, navula bulangete, nakonza tayi, nalandira tambala m'manja mwanga. Anayenda mwaulemu mpaka pamene panali a Kachingwe, nanjuta, n'kupepesa chifukwa chochedwa ngati kuti anangotsekeredwa ndi maloboti. A Kachingwe anamugwira tambalayo, namutembenuza, tambala n'kuwajompha nawonso. Ndi pamene tinaona koyamba mano a mkulu ameneyo. Anati anthu obwera motere sangataye mwana wa eni panjira. Malume anaomba m'manja nayankha mawu amene aliyense anawamva:

"Banja ili likadzavuta musadzavutike kumudziko. Lidzabwera kwa ine."

Mandasi onse tinawaiwala kunyumba, koma palibe anadandaula. Msoti wa akuchikazi malume anapita nawo kwawo misewu itatseguka, ndipo unakhala m'galajamo mpaka unakalamba, ukuikira mazira m'bokosi la masipanala, a Nanyoni akudandaula tsiku ndi tsiku. Sinomobilo sanakwerenso. Ankati kamodzi n'kokwana kwa munthu wa ku Chikwawa.

Anagwa m'galaja momwemo masana ena, ndipo a Tembo ndi amene anawapeza. Kuchipatala sanalankhulenso. Ine ndagwira ntchito ya unamwino nthawi yaitali ndipo imfa ndaiona kambirimbiri, koma iyi inandithyola. Ndinawalira malume anga, ndipo ndinaliranso chifukwa cha Limbani, poti sindinkaona wina amene angamukhazike pansi.

Loweruka lapitali ndinapita kukaona a Nanyoni. Panja panali galimoto yaing'ono yokutidwa ndi chipale chopyapyala, ndipo ndinaizindikira kuti ndi ya Tiyamike. Ndinafunsa ngati ali m'nyumba. A Nanyoni anati ayi. Anati Lachinayi iye ndi Limbani anafika, aliyense pagalimoto yake, napempha kiyi wa galaja. Poyamba ankamva mawu akukwera, kenaka phokoso la mabulashi lokha. Iwo anathira tiyi koma sanapite naye. Dzuwa litapendeka awiriwo anabweza kiyi n'kukwera galimoto imodzi.

Ndinalowa m'galajamo ndekha. Mukadali fungo la oyilo, koma mbaula ya malume, imene tsopano ndi yozima, yachititsa kuti muzizire kuposa panja. Zipewa ziwiri zili pamsomali, chimodzi mkati mwa chinzake. Sinomobilo ya eni imene malume ankaikonza komaliza ili pamatabwa, injini yotsegula, mabowo awiri atatsekedwa ndi nsanza monga anawasiyira. Ndowa ziwiri zija zasendezedwa mpaka kugundana. Chitini cha keke chatsukidwa, ndipo pathaulo loyera pali mizere iwiri, kumapeto kwa mzere uliwonse kuli valavu yonyezimira.

Ndinatola imodzi n'kuiyang'ana pakuwala kwa zenera. Pakona panali kamwaye kotsalira, ndipo sindinachite kufunsa kuti anapala ndani, ntchito ya mlongo wanga ndimaidziwa. Malume akanamubwezera. Ndinaiika pomwe inali, pafupi ndi inzake, ndipo bulashi ndinaisiya pamwamba pa ndowa yake kuti akabwera aipeze.